Bwana akufuna kukusiyirani bizinesi ya zamapaipi? Nayi njira yoitengera bwino ku Kasungu

Apulambala ambiri a ku Kasungu kuno sanayambe ndi shopu yawoyawo. Anayamba ndi kunyamula chikwama cha zida, kukumba ngalande ndi kupatsira bwana bobojani mpaka manja anazolowera. Ndiye limafika tsiku loti bwana uja wakula, msana sukulolanso kukwera kudenga kukaona giza, kapena waganiza zobwerera kumudzi kukalima, n'kunena kuti, "Iwe, bizinesiyi ungoitenga ndiwe." Umenewu ndi mwayi weniweni, ndipo sindingauze munthu kuti aukane. Koma bizinesi yosiyiridwa imabwera ndi zake zonse. Ntchito yanu yaikulu musanavomere ndi kusankhula: makasitomala ndi dzina labwino zibwere kwa inu, ngongole ndi milandu yakale zitsale kwa mwini wake.

Choyamba, onani mmene ndalama zimayendera chaka chonse

Musathamangire kukamba za mtengo. Pemphani kukhala pansi ndi bwana tsiku lopanda ntchito, ndipo mulankhule mwaulemu woyenera munthu amene anakuphunzitsani: "Bwana, ndathokoza kwambiri pondiganizira. Ndisanayankhe, ndimapempha mundionetseko mmene ndalama zayendera chaka chathachi, kuti ndisadzakugwetsereni dzina." Munthu wa zolinga zabwino sakhumudwa ndi pempho lotere.

Zoti muone ndi kabuku ka malisiti, makope a makotesheni, sitetimenti ya kubanki ngati ilipo, ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba. Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri salemba bwino, ndiye mwina mupeza kope limodzi lothimbirira ndi zina zonse zili m'mutu mwa bwana. Zikatero, tengani pepala mulembe limodzi, mwezi ndi mwezi, ntchito zonse zomwe mukukumbukira. Inu munalipo pa ntchitozo, ndiye palibe angakunamizeni za kuchuluka kwake. Chomwe simunkadziwa ndi ndalama yomwe inkalowa.

Muone miyezi yonse 12, osati itatu yokha. Ndalama za ku Kasungu zimatsata fodya. Msika wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa, cha mu Epulo kumapita mtsogolo, anthu amamalizitsa nyumba, kuika mathanki ndi kulowetsa zimbudzi zamadzi m'nyumba. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, mafoni amalirabe chifukwa ma septic tank adzadza ndipo ngalande zatsekeka, koma wolipira pompopompo amasowa. Wokuonetsani mabuku a Juni mpaka Ogasiti okha wakuonetsani theka la nkhani.

Kenako werengani zida, chimodzichimodzi

Yalani zonse pabwalo. Lembani dzina la chida, mmene chilili, ndi mtengo womwe mungachigulire chogwiritsidwapo kale ntchito, osati chatsopano. Chilichonse chiyesedwe inu mukuona. Makina owotchera mapaipi a pulasitiki a PPR, omwe amalumikizidwa powatenthetsa, alumikizidwe kumagetsi, muone ngati akufika pa madigiri 260 ndi kukhazikika pomwepo. Madayi otsekulira mazinga a hafu inchi, three quarter ndi inchi imodzi ayesedwe pa kachidutswa ka paipi yachitsulo ya GI, chifukwa mano akatha mazinga amatuluka ophwanyika ndipo joini imadontha ngakhale mukulunge thread tape wochuluka bwanji. Onaninso vayisi, gilayinda, dirilo, makwerero ndi ndodo zotsegulira ngalande.

Katundu wotsala m'sitolo musamuwerengere mokomera. Paipi ya PVC yomwe yakhala padzuwa nthawi yaitali imauma n'kumasweka, guluu wotsegulidwa kale amalimba m'chitini, ndipo zolumikizira za GI zadzimbiri palibe kasitomala angazilandire. Zotere zilembedwe kuti zilibe mtengo.

Ngati pali njinga yamoto kapena kagalimoto, funsani blue book muone dzina lolembedwamo. Funsaninso mosabisa ngati chinaperekedwapo chikole kubanki, ku SACCO kapena kwa wakatapila. Kusintha umwini kumachitikira ku Road Traffic, ndipo musamalize kulipira galimoto dzina lisanasinthidwe.

Nambala ya foni ndi makasitomala

Apa ndipo pali phindu lenileni la bizinesiyi, ndipo ndi pomwe anthu ambiri salabadira. Zida mukhoza kugula ku Lilongwe tsiku limodzi n'kubwerera pa M1 dzuwa lisanalowe. Koma nambala yomwe mayi wa ku Chankhanga amaimba paipi ikaphulika usiku, yomwe mwini loji anaisunga m'foni zaka zapitazo, yomwe inalembedwa pachikwangwani ndi pakhoma la sitolo ya hadiweya, imeneyo sigulidwa m'sitolo.

Choncho nambalayo ilowe m'mgwirizano. Popeza simu khadi iliyonse m'dziko muno imalembetsedwa pa chiphaso cha unzika cha mwini wake, kungopatsidwa kakhadiko m'manja sikukwanira. Pitani nonse awiri ku shopu ya Airtel kapena TNM ndi ziphaso zanu, mukasinthitse umwini. Musanatero, bwana achotse ndalama zake zonse pa nambalayo ndi kubweza ngongole ya pafoni ngati ilipo. Ngati bwana sakufuna kusiya nambala chifukwa ndi yomwe abale ake amamuimbira, zimenezo n'zomveka. Pamenepo mugwirizane kuti aliyense woimba za ntchito azipatsidwa nambala yanu, ndipo mtengo wa bizinesi utsike, chifukwa mbali yaikulu ya chomwe mumagula yatsala kwa iye.

Chachiwiri pa nkhani yomweyi ndi kuyenda limodzi. Lembani makasitomala akuluakulu: eni nyumba zarenti, maloji, sukulu zogonera komweko, mipingo, maesiteti a fodya, makontirakitala omanga nyumba. Bwana akuperekezeni kwa aliyense, iye mwini anene kuti, "Kuyambira mwezi wa mawa ntchito zanga zonse azigwira ndi uyu. Ndamuphunzitsa ndekha." Mawu amenewa akachokera m'kamwa mwake amalemera kuposa kapepala kalikonse komwe mungasindikize. Musaiwale eni masitolo a hadiweya m'tauni, chifukwa munthu akagula sinki kapena thanki amafunsa pakauntala pomwepo kuti pulambala wabwino ndani.

Gwirizananinso poyera za ntchito zomwe bwana adzigwirabe. Mmisiri sasiyiratu zida. Ngati akhalabe m'tauni muno n'kumalandira ntchito mwakachetechete, inu mwagula chiyani? Ndi bwino kulemba kuti kwa nthawi yakutiyakuti sadzalandira ntchito za mapaipi m'dera lomwe mwagwirizana, kapena kuti akaipeza aziipereka kwa inu n'kulandirapo kangachepe.

Ngongole: fufuzani nokha, musangomva

Khalani pansi kachiwiri, ulendo uno nkhani ikhale ya ngongole zokhazokha. Funsani za katundu wotengedwa pangongole m'masitolo, lendi ya shopu, laisensi ya kukhonsolo, msonkho wa ku MRA, ndi malipiro a anyamata. Mukatero, pitani nokha kwa eni masitolo ndi kwa mwini nyumba mukamve mbali yawo. Si kukayikira bwana ayi. Munthu amaiwala, ndipo wangongole akadzabwera adzapeza inu pakhomo, osati iye.

Ngongole yoopsa kwambiri ndi yomwe simaoneka ngati ngongole: dipoziti yomwe kasitomala anapereka kale pa ntchito yosamalizidwa. Tiyerekeze kuti munthu wa ku Santhe analipira ndalama ya mapaipi ndi thanki, ndalamayo inagwira zina, ndipo ntchito ili theka. Mukatenga bizinesi mosafunsa, munthuyo adzafuna madzi atuluke pampopi popanda kuwonjezera tambala, ndipo adzakhala akunena zoona. Lembani ntchito iliyonse yosatha: inalipidwa zingati, chagulidwa n'chiyani, chatsala n'chiyani, amalize ndani. Ngati mumalize ndinu, ndalama yomalizira ntchitoyo ichotsedwe pa mtengo wa bizinesi.

Chimodzimodzi ntchito zakale zikadzayamba kudontha. Gwirizanani kuti ntchito yomwe inagwiridwa tsiku losinthana lisanafike, zipangizo zokonzera ndi za bwana. Ine ndingakulangizeni kuti manja anu muzipereka ulere pa zing'onozing'ono zotere m'miyezi yoyambirira, chifukwa kasitomala amene mwamuthandiza pa vuto lomwe simunalichititse ndinu sapitanso kwina.

Nanga ndalama zomwe makasitomala sanamulipire bwana? Zimenezo musazigule. Atolere yekha, kapena mumutolerere n'kumupatsa zomwe zapezeka.

Sankhani tsiku limodzi losinthana, lilembedwe. Zonse za m'mbuyo mwa tsikulo ndi za bwana, zonse za patsogolo ndi zanu. Osalola zoti mukhale miyezi ingapo muli wantchito kwinaku muli mwini, kasitomala osadziwa wolipira kuti ndani. Mapanga awiri avumbwitsa.

Mtengo, kalipiridwe ndi kalata ya mgwirizano

Mtengo uchokere pa zinthu ziwiri: zida ndi katundu monga munawerengera, kuphatikiza ndalama ya dzina ndi makasitomala. Yachiwiriyi ilibe muyeso wokhazikika, koma dzifunseni funso ili: nditachotsa malipiro anga, a anyamata, lendi ndi mayendedwe, phindu lotsala lingabweze ndalamayi m'chaka chimodzi kapena ziwiri? Ngati yankho ndi ayi, mtengo wakwera. Kumbukiraninso kuti inu mwakhala wantchito wake. Ngati pali malipiro omwe simunalandire kapena masiku atchuthi omwe simunapume, ziwerengedwe ndi kuchotsedwa pa mtengowo.

Kulipira pang'onopang'ono kwa bwana mwini wake kumaposa kukatenga ngongole ya chiwongoladzanja, ndipo katapila musamuyandikire n'komwe. Konzani magawo motsata nyengo: aakulu kuyambira Meyi mpaka Seputembala, ang'onoang'ono m'miyezi ya dzinja. Tsiku labwino losinthana ndi cha mu Malichi kapena Epulo, kuti miyezi yanu yoyamba ikumane ndi ndalama za zokolola. Ngati simungachitire mwina koma kukongola ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama za bizinesi, ku SACCO kapena ku banki m'khonde, kongolani ya zida ndi mpamba woyambira, ndipo muyambe mwawerengera ngati mungabweze mu Febuluwale.

Zonsezi zilembedwe: maina ndi manambala a ziphaso, mndandanda wa zida, nambala ya foni, mtengo, masiku olipira, tsiku losinthana, mwini wa ngongole zakale, ndi chomwe chichitike mukachedwa kulipira. Kalatayo isainidwe pamaso pa loya kapena commissioner for oaths, munthu wovomerezeka ndi lamulo kulumbiritsa anthu, aliyense atenge kope lake.

Pali chinthu china chovuta kuchitchula koma chofunika kwambiri. Akazi a bwana ndi mwana wawo wamkulu akhalepo ngati mboni. Imfa simapangana ndi munthu. Bwana atamwalira musanamalize kulipira, achibale omwe sanamvepo za mgwirizanowu akhoza kubwera kudzatenga zida zonse ngati chuma cha masiye, inu n'kutsala manja lende. Mulembe kuti zitatero ndalama yotsala mudzapereka kwa ndani. Polipira gawo lililonse gwiritsani ntchito banki kapena foni kuti pakhale umboni, ndipo ngati ndi ndalama ya m'manja, pasainidwe.

Kulembetsa m'dzina lanu

Funsani kuti bizinesi ya bwana inalembetsedwa motani. Zambiri zazing'ono zimakhala za munthu mmodzi, kutanthauza kuti pamaso pa lamulo bizinesi ndi mwini wake ndi chinthu chimodzi. Njira yoyera ndi kulembetsa yanu yatsopano ku ofesi yolembetsa mabizinesi, yomwe ambiri amaidziwa kuti kwa Registrar General. Masiku ano zimatheka pa intaneti kudzera pa tsamba lolembetsera mabizinesi la MBRS. Ngati mukufuna kusunga dzina lakale chifukwa ndi lodziwika, bwana alembe chilolezo ndipo kusinthako kudziwitsidwe ku ofesiyo. Ngati ndi kampani ya Limited, chenjerani: wogula masheya amagula ndi ngongole zonse za kampaniyo. Gulani zida ndi dzina, kampani isiyeni, pokhapokha loya ndi wowerengera ndalama ataiunika.

Mukatenga satifiketi, pitani ku MRA mukatenge TPIN yanu, nambala yolipirira msonkho. Musagwiritse ntchito ya bwana ngakhale pa invoyisi imodzi. Mabungwe ndi maofesi akamakulipirani amadulapo msonkho wa withholding, ndiye nthawi zonse muzifunsa satifiketi ya msonkho wodulidwawo ndi kuisunga, chifukwa imachotsera pa msonkho wanu wa pachaka. Kenako laisensi ya bizinesi ku khonsolo: ya tauni ya Kasungu ngati shopu ili m'tauni, ya boma ngati ili kunja monga ku Nkhamenya kapena ku Chamama. Tsegulaninso akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesi.

Ngati mukulakalaka ntchito za boma kapena za makontirakitala akuluakulu, mudzafunika kulembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga, lomwe ambiri amalitchulabe NCIC, komanso ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma. Izi zikhoza kudikira chaka choyamba chidutse. Chomwe sichiyenera kudikira ndi pepala la luso lanu. Makasitomala ankakhulupirira satifiketi ya bwana, ndipo iyo sisamukira kwa inu. Ngati munaphunzirira pantchito, lembetsani mayeso a trade test, omwe amayambira Grade 3 kukwera mpaka Grade 1, kapena funsani ku TEVETA za njira yozindikira luso lomwe munthu analipeza kunja kwa kalasi.

Anyamata omwe munkagwira nawo ntchito

Lamulo la za ntchito la Employment Act la 2000 limati bizinesi ikagulitsidwa kapena kusamutsidwa, antchito amapita kwa mwini watsopano pamodzi ndi ufulu wawo, ndipo zaka zomwe anagwira sizifufutika. Izi zikutanthauza kuti mukadzamuchotsa munthu chifukwa ntchito yachepa, ndalama ya severance, yomwe wochotsedwa ntchito amalandira, idzawerengedwa kuyambira tsiku lomwe analembedwa ndi bwana. Pa zaka zisanu zoyamba imakhala malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chomwe wagwira, ndipo imakwera zaka zikachuluka. Choncho pitani nonse ku ofesi ya zantchito pa boma, akuwerengereni za munthu aliyense. Bwana alipire, kapena ndalamayo ichotsedwe pa mtengo. Komweko funsaninso za malipiro otsikitsitsa omwe boma lalengeza, za penshoni, yomwe wolemba ntchito amasonkha 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, ndi za chipukuta misozi cha wovulala pantchito.

Za lamulo zili apo, palinso za mtima. Dzulo munkadyera limodzi chipisi pamsika, lero ndinu wowalipira. Lankhulani ndi aliyense payekha, makamaka amene ndi wamkulu kwa inu: "Achimwene, ntchito ndi yomweija, ndipo ndikudalira inu. Malipiro azituluka tsiku lakuti." Ndiye tsikulo likafika, lipirani, ngakhale inu mutsale opanda kanthu. Ngati ntchito sikwanira anthu onse, nenani poyamba pomwe, ena akhale oitanidwa pakapezeka ntchito yaikulu.

Malire anu ndi a Water Board

Madzi a m'tauni ya Kasungu ndi pa boma la Mchinji amaperekedwa ndi Central Region Water Board. Ntchito yanu imayambira kutsogolo kwa mita kulowa m'nyumba. Mita ndi paipi yochokera ku mzere waukulu ndi za bungwelo. Adzabwera anthu, mwina ngakhale makasitomala akale, kukupemphani kuti mulambalalitse mita kapena mulumikize madzi omwe anadulidwa. Kanani. Ndi mlandu, ndipo mphekesera imodzi yotere imafafaniza dzina lomwe mukulilipirabe. Wofuna kulumikiziridwa madzi muthandizeni kukalembetsa ku ofesi, inu mugwire za m'kati.

Kutchula mtengo ndi kusunga ndalama

Pa kotesheni lekanitsani zipangizo, ntchito ya manja ndi mayendedwe. Lembaninso kuti mtengowo ukugwira ntchito masiku 7 okha. Zipangizo zambiri za mapaipi zimachokera kunja, ndipo tonse tikukumbukira mmene mitengo inadumphira kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama ya zipangizo ilipidwe yonse ntchito isanayambe, ndipo mugule tsiku lomwelo. Kasitomala akafuna kugula yekha, mulembereni mndandanda wonena saizi ndi mtundu, ndipo mumuuziretu kuti akabweretsa zotchipa zosalimba, zikadzasweka si mlandu wanu. Ntchito ya manja ilipidwe m'magawo: poyamba, mapaipi akayesedwa asanakwiriridwe, ndi pomaliza. Musalole womanga apake pulasitala musanadzadze mapaipi ndi madzi ndi kuona joini iliyonse, kasitomala ali pomwepo.

Kukaona ntchito ku Mtunthama kapena ku Chulu kumadya mafuta ndi tsiku lathunthu. Tchulani ndalama yokaonera, ndipo muichotse pa mtengo ngati ntchito yapatsidwa kwa inu. Musatsitse mitengo pofuna kukopa anthu chifukwa ndinu watsopano. Kuikwezanso kumavuta.

Dziikireni malipiro a pamwezi ngati kale, ndipo banja lidye pamenepo. Zotsala zikhale mu akaunti ya bizinesi: gawo la bwana, msonkho, lendi, ndi ndalama yodutsira dzinja, yokwana malipiro a miyezi iwiri kapena itatu. Abale akamva kuti tsopano ndinu bwana, zopempha zidzachuluka. Thandizani kuchokera pa malipiro anu, osati pa dipoziti ya kasitomala. Madzulo aliwonse lembani m'kope zolowa ndi zotuluka, ndipo jambulani malisiti pafoni chifukwa inki yake imafufutika.

Ndalama ikayamba kutsalako, phunzirani kuika mapampu a sola pa zitsime ndi kuimika mathanki pa nsanja. Kunja kwa tauni, kumene mapaipi a Water Board safika, maesiteti, sukulu ndi alimi a mthirira amafuna zimenezi, ndipo ntchito zake zimabwera m'chilimwe.

Tsiku lomwe mudzapereke gawo lomaliza, itanani mboni zomwe zija. Bwana alembe pansi pa kalata ya mgwirizano kuti walandira ndalama yonse ndipo palibe chotsala, asaine, mboni zisaine, tsiku lilembedwe. Jambulitsani makope awiri, limodzi likhale kushopu, lina kunyumba.